Kani zitsamba za Mario ndi mitambo!

Abale, zaka zonsezi ndakhala ndikusewera gemu ya Super Mario Bros. osadziwa kuti mitambo ija ndi zitsamba zija n'chithunzi chimodzi! Anangosintha mtundu, choyera n'kukhala chobiriwira, poti kakaseti ka Nintendo ka 1985 kanali ndi malo ochepetsetsa. Usiku wapitawu ndinayatsanso gemuyi kuti ndione bwinobwino. Zoonadi, mpaka ndinaseka ndekha.

Chipewa cha Mario chijanso sichinali chotchenera ayi. Shigeru Miyamoto, yemwe anapanga Mario, anaona kuti tsitsi likuvuta kujambula ndi timadontho tochepa, basi n'kumuveka chipewa. M'malo mwa pakamwa anangoikapo ndevu za pamlomo. Ndipo mu gemu ya Donkey Kong ya 1981 Mario anali kalipentala, ankatchedwa Jumpman. Zoti iye ndi wokonza mapaipi zinabwera pambuyo.

Kapenatu inu munkadziwa kale, wotsalira ndinali ndekha?