Alamu Yanga Yatsopano ndi Mbava Yoyamba Imene Inagwira

Mbava zitayamba kuvuta m'dera lathu ku Machinjiri, mpaka kuzula batire m'galimoto ya aneba ndi kuyanula zovala za anthu pachingwe dzuwa likuswa mtengo, mlamu wanga wa ku Johannesburg anatitumizira pa basi katoni ya alamu yopanda mawaya. M'katonimo munali bokosi lolamulira zonse, limene limalowa SIM khadi kuti liziimba foni zinthu zikavuta, marimoti awiri, sayirini yapanja, ndi kasensa koyera kokwana m'dzanja, kamene ntchito yake ndi kuzindikira munthu akamayenda m'chipinda. Amake mwana anati tiitane wodziwa zamagetsi. Ine ndinakana, chifukwa ku ofesi ndimawerenga zikalata zovuta kuposa kabuku ka malangizo a alamu, ndipo sindinaone chifukwa cholipirira mnyamata kuti adzangomanga masikuluu awiri pakhoma.

Ndiyenera kufotokoza kaye mmene kachipangizoka kamagwirira ntchito, pakuti popanda zimenezo wina angaganize kuti zimene ndinachita pambuyo pake zinali za munthu wozungulira mutu. Kasensa aka kalibe kamera ndipo sikaunikira munthu, kamangomva kutentha. Thupi la munthu, limene limakhala pa madigiri 37, limatulutsa cheza chosaoneka ndi maso chotchedwa infrared, chimene William Herschel anachitulukira m'chaka cha 1800. Kumaso kwa kasensako kuli kazenera kapulasitiki kokhala ndi timizeremizere, kopangidwa motengera luso la Mfalansa Augustin Fresnel, amene anakonza magalasi otere kuti aziikidwa pa nsanja zounikira zombo panyanja. Kazenerako kamagawa chipinda ngati mizere ya m'munda: munthu akamadumpha mizereyo mopingasa, kutentha kwake kumaoneka, kubisika, kuonekanso, ndipo kasensa kamatumiza uthenga ku bokosi lija kudzera m'mafunde a wailesi a 433 MHz, koma akamabwera molunjika, osadumpha mzere, kamachedwa kumuzindikira. Zonsezi ndinaziwerenga, ndinazimvetsa, ndipo ndinawafotokozera amake mwana uku akusankha nyemba, ngakhale kuti sanandifunse.

Loweruka m'mawa ndinabwereka makwerero ndi chiboolera kwa aneba. Kabuku kanati kasensa kakhale mamita 2.2 kuchokera pansi, kasayang'ane zenera lolowa dzuwa, ndiponso kasakhale pamwamba pa firiji kapena pafupi ndi mbaula, chifukwa mpweya wotentha woyendayenda umachititsa kuti alamu ilire popanda munthu. Ndinaonjezera nzeru yanga posankha ngodya yotalikirana ndi babu, pakuti kumene kuli babu ndi kumene anyalimata amasonkhana madzulo kudikira tizilombo, ndipo mmodzi akadutsa pakazenera paja akhoza kuoneka wamkulu kuposa munthu. Ngodya imene ndinasankha inali yabwino kwambiri: inkaona pabalaza ponse, khomo la kukhitchini, ndi pakamwa pa kolido yopita kuchimbudzi. Kulumikiza kasensa ndi bokosi sikunavute. Ndinadina batani, ndinasolola kapepala kotchinga batire, bokosi linalira kamodzi, ndipo ndinasunga m'menemo nambala yanga, ya amake mwana, ndi ya atcheya a chitetezo cha m'dera lathu.

Kenako inafika nthawi yoyesa. Ndinadutsa pabalaza mopingasa monga mwa malangizo, ndipo kagetsi kofiira kanaphethira. Ndinabwerera, kanaphethiranso. Pamenepo ndinaitana amake mwana kuti adzaone ndi maso awo ndalama imene tinapulumutsa. Anabwera ndi lichero m'manja, naima pakhomo la khitchini, ine ndikudutsa mwaulemu wonse kuchokera ku sofa kupita ku kabati. Kagetsi sikanayake. Ndinabwereza moyenda pang'onopang'ono, kenako mothamanga, kenako ndikukupiza manja m'mwamba, kenako ndikudumphadumpha, koma kasensa kanangondiyang'ana duu.

"Abambo ake mwana, kodi mbava nazo zidzafunika kuvina chonchi kuti zioneke?" anafunsa amake mwana, nabwerera ku nyemba zawo.

Munthu wophunzira sakwiya, amaganiza. Unali mwezi wa Okutobala, malata akuthetheka ndi dzuwa, ndipo ndinakumbukira kuti kasensa kamadalira kusiyana kwa kutentha kwa thupi ndi kwa makoma. Makoma akatentha kuyandikira thupi la munthu, maso ake amafooka. Mfundo imeneyi ndi yoona ndipo ndikuiimabe kumbuyo mpaka lero. Kuchokera pamenepo sikunali kovuta kuona kuti malaya anali kubisa kutentha kwanga, choncho ndinawavula, ndipo pofuna kuti kafukufuku akhale wokwanira ndinavulanso vesiti. Ndinakumbukiranso kuti kabuku kanati kasensa sikasamala za nyama zosapitirira makilogalamu 25 zoyenda pansi, monga mphaka kapena galu wamng'ono, ndipo ndinafuna kudziwa ngati mbava yochenjera ingapezerepo mwayi pokwawa. Ndinagwada pa simenti yopaka polishi wofiira, ndinagwira pansi ndi manja, ndinayamba kukwawa kuzungulira tebulo, khosi litapindikira m'mwamba kuti maso asachoke pa kagetsi, thukuta likuyenderera pamsana.

Ndili pakati pa tebulo ndi sofa, chitseko chinatseguka, ndipo pakhomo panaima apongozi anga ochokera ku Dedza, thumba la mbatata ya kachewere lili pamutu. Tinkawayembekezera madzulo, koma anapeza basi yam'mamawa. Amene anakula pa mwambo wathu akudziwa ulemu umene umakhala pakati pa mkamwini ndi apongozi ake aakazi: sitiyang'anizana m'maso, sitidyera m'mbale imodzi, tikakumana panjira wina amapatuka, ndipo chiyambire kukwatira ine anali asanaonepo ngakhale chigongono changa. Tsiku limenelo anaona msana wonse, wonyezimira, ukuyenda ndi miyendo inayi. Sanakuwe. Anangoti "Odi" motsitsa, natembenuka ndi thumba lawo, nakakhala pansi pakhonde moyang'ana kumpanda.

Ine ndinadziponya kuseri kwa sofa ndi kugona chafufumimba osagwedezeka, ndikumva amake mwana akuwalonjera amayi awo ndi mawu onjenjemera chifukwa chodziletsa kuseka. Ndinakhala pamenepo kanthawi ndithu. Nditaona kuti njira yatseguka, ndinadzuka kuti ndithawire kuchipinda, ndipo nthawi yomweyo kagetsi kofiira kanaphethira mokondwera.

Yankho ndinalipeza patsamba lomaliza la kabuku, m'zilembo zing'onozing'ono zimene olemba anaziika pamalo osayenera. Pofuna kusunga batire, kasensa ka mtundu uwu kakaona munthu kawiri motsatizana kamagona, ndipo sikadzuka mpaka patadutsa mphindi 3 popanda chilichonse chosuntha pamaso pake. Ndiye kuti kuvina konse, kudumpha ndi kukwawa kuja ndi kumene kunkakagoneka, ndipo chimene chinakadzutsa ndi manyazi amene anandiumitsa kuseri kwa sofa. Kabukuko kanatinso pali batani loyesera limene limachititsa kuti kasensa kaziona nthawi iliyonse, koma kuti ndilifikire ndinafunika kuchotsa kasensako pakhoma ndi kutsegula chivundikiro. Nditatsegula, sayirini inalira koopsa, pakuti m'katimo muli kaswitchi kamene kamadziwitsa bokosi kuti wina akusokoneza chipangizo, ndipo kaswitchi kameneka kamagwira ntchito ngakhale alamu isanatcheredwe. Ndinaizimitsa msanga ndi rimoti, koma atcheya anali ataimbiridwa kale. Ndinawafotokozera kuti ndinali kuyesa chabe.

"Zikomo achimwene, koma mukamayesa muzitiuza," anatero atcheya. "Ulendo wina ikalira, ife tibwera ndi anyamata."

Usiku utafika ndinatchera alamu kwa nthawi yoyamba. Pa rimoti pali batani la loko wotseka ndi lina la chithunzi cha kanyumba. La kanyumba ndi la pamene anthu muli m'nyumba, ndipo limasiya masensa a m'kati kuti eni ake aziyenda momasuka. La loko ndi la pamene mwachoka nonse, ndipo limatchera chilichonse. Munthu aliyense wofuna chitetezo cha banja lake, atapatsidwa loko ndi kanyumba kuti asankhe, angasankhe loko, ndipo ine ndinasankha loko. Apongozi tinawagoneka m'chipinda cha alendo, chimene njira yake yopita kuchimbudzi imadutsa pakamwa pa kolido paja. Magetsi anali atazima kuyambira madzulo, koma bokosi lili ndi batire lakelake, zimene ndinaziyamikira ndisanagone.

Cha m'ma 2 koloko usiku nyumba inang'ambika ndi phokoso. Sayirini zoterezi zimafika madesibelo 110, ndipo yanga ndinaipachika kunja, pamwamba pa zenera la chipinda chathu chogona. Ndinafufuza rimoti mumdima pamutu pa bedi, pansi, m'nsapato, osaipeza. Ndinakumbukira kuti nditatchera alamu ndinaiika m'thumba la thalauza, pamodzi ndi kapepala kamene ndinalembapo nambala yachinsinsi yatsopano, pakuti ya 1234 imene bokosi linabwera nayo ndinali nditaisintha mwanzeru kuti mbava zisailote.

"Amake mwana, thalauza langa lili kuti?"

"Ndaliviika m'beseni," anayankha mokuwa. "M'mawondo monse munali polishi."

Rimoti yachiwiri inali m'chikwama chawo cha kutchalitchi, chikwamacho chinali m'wadirobu, ndipo kiyi wa wadirobu sankadziwika kumene anali. Ndinaona kuti njira yachidule ndi kukaletsa phokoso kumene likuchokera. Ndinadzikulunga chitenje cha amake mwana m'chiuno, ndinamanga thaulo kumutu kuti nditeteze makutu, ndinatulukira kukhomo la kuseri, ndinaimika makwerero a aneba aja pakhoma, ndi kukwera. Ndinazula waya wolowetsa magetsi m'sayirini, koma inapitiriza kulira, chifukwa nayonso ili ndi batire m'kati, loikidwa dala kuti mbava yozula waya isapindule kanthu. Opanga zinthu izi anaganizira zonse, kupatula mwini nyumba.

Ndili m'mwambamo ndikulimbana ndi chivundikiro, ndinamva mawezulo kumbali zonse, kenako matochi anandiunika kumsana. Atcheya anasunga lonjezo lawo. Zimene anyamatawo anaona ndi munthu wopanda malaya, wobisa nkhope ndi thaulo, ali pa makwerero pakati pa usiku, akuphwasula alamu ya nyumba ya eni. Sindingawadzudzule, pakuti ine ndemwe ndikanaona zimenezo kwa aneba ndikanaganiza chimodzimodzi. Anandigwira miyendo ndi kunditsitsa mosasamala ulemu wa munthu wa mu ofesi, ndipo mmodzi anakhala pamsana panga uku mnzake akumasula chingwe choyanikira zovala kuti andimange. Ndinakuwa kuti ndine mwini nyumba, koma pansi pa sayirini ngakhale ine sindinkadzimva. Chimene chinandipulumutsa ku zibonga ndi lamulo la atcheya loti wogwidwa asamenyedwe koma aperekedwe kupolisi, lamulo limene pamsonkhano wina ndinalitsutsa kuti ndi lofewa kwambiri.

Sayirini inasiya yokha nthawi yake itakwana, ndipo m'batamo chitseko chinatseguka. Amake mwana anatuluka ndi kandulo, koma atandiona pansi, nkhope ili m'fumbi ndi thaulo likadali kumutu, mawu anawathera, anangogwira chipupa mapewa akugwedezeka. Kumbuyo kwawo kunatuluka apongozi, amene nthawi yonseyi anali ataima chilili m'kolido, osadziwa kuti kupita kutsogolo ndi kubwerera m'mbuyo chabwino n'chiti. Anaima chammbali monga mwa mwambo, nkhope atalozetsa kumpanda, nalankhula kwa atcheya modekha.

"Bambo, amenewo amasuleni, ndi akamwini anga. Msanawo ndauzindikira, ndinauona masana."

Anyamata anandimasula mwaulemu kwambiri, wina mpaka kundisansa fumbi, ndipo atcheya anapepesa atayang'ana pansi, milomo ataipana. Popeza alamu inali idakali yotchera, palibe amene analoledwa kudutsa pabalaza, choncho tonse, eni nyumba ndi alendo, tinakhala pakhonde mpaka amake mwana atapeza kiyi wa wadirobu m'chitini cha mabatani.

M'mawa mwake ndinavala malaya a manja aatali ndi jekete, ndinasintha kasensa kuti kakhale m'gulu la masensa a m'kati, ndinayanika rimoti padzuwa, ndipo ndinakhala kuchipinda ndikudikira chigamulo cha ku Dedza. Chinabwera kudzera mwa amake mwana, monga mwa mwambo. Amayi anati chipangizocho achikonda kwambiri, chifukwa kumudzi munthu akakuwa kuti mbava anthu amachedwa kutuluka, koma kuno anafika ndi zibonga iwo asanafike n'kuchimbudzi komwe. Choncho akufuna china chotere pakhola lawo la mbuzi. Ndinatumiza yankho lofotokoza kuti mbuzi nazo ndi zotentha, zimayendayenda usiku wonse, ndipo zina zimapitirira makilogalamu 25, kotero kuti mudzi wonse sudzagona. Amake mwana anapita pakhonde, nabwerako posachedwa.

"Akuti mukaike koyang'ana panja pa khola, osati m'kati. Akutinso tsiku lokayesalo mudzawauziretu, kuti iwo adzapite kumunda."