Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Mmene ndinaphunzirira kusambitsa tizilombo

M'gawo lapitalo ndinalekezera pamene ntchito yojambula maukwati inaima. Boma la Zimbabwe litalamula kuti kuyambira pa 30 March 2020 aliyense abindikire pakhomo chifukwa cha Covid-19, maukwati, zinkhoswe ndi maphwando a ana omaliza sukulu zonse zinathera pomwepo. Ku Harare Gardens, kumene Loweruka lililonse tinkalimbirana malo oimika akwati, kunalibe wopondako. Kamera imene inkatidyetsa inangokhala m'chikwama.

Tinkakhala ku Mufakose, m'nyumba imene malemu bambo anatisiyira. Malume, alongo awo a mayi anga, ankagona m'chipinda chakuseri. Iwo anachoka ku Dedza ali mnyamata, mzinda uno ukadali Salisbury, anadzera ku Tete monga ankachitira anzawo ambiri, ndipo zaka zawo zochuluka anazithera pa katebulo kokonzera mawotchi ku Mbare. Maso atayamba kufooka ntchito anaisiya, koma zida sanataye. M'kachitini kakale ka masikono munali kagalasi kovala m'diso, tizitsulo topanira tosongoka kwambiri, timaburashi ndi kampira kopopera mpweya.

Tsiku lina mayi a kunyumba akupeta chimanga chopita nacho kuchigayo, anankafumbwe anayamba kubalalika m'lichero. Ndinatolako mmodzi wakufa. Ojambula timadziwa kuti lenzi ya 50mm ukaitembenuza, kumbuyo kukhale kutsogolo, imakulitsa zinthu zing'onozing'ono, choncho ndinayesa. Nankafumbwe ndi wa mamilimita 3 kapena 4 basi, koma anadzaza sikirini yonse. Chokhacho n'chakuti sankaoneka iyeyo. Chimene chinkaoneka chinali ufa womatirira thupi lonse, ndi kaulusi ka thumba kokulunga mwendo.

Malume anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, kenako anatenga kachitini kawo n'kukaika patebulo.

"Mphwanga, kanthu kakang'ono sitigwira ndi zala. Zala zili ndi mafuta. Yamba watsuka, kujambula pambuyo."

"Malume, nankafumbwe amatsukidwa?"

"Chilichonse chimene fumbi lagwira chimatsukidwa. Bweretsa madzi ofunda."

Anathira madziwo m'kabotolo, anadonthezamo dontho limodzi la sopo wamadzi wotsukira mbale, anaponyamo kachilomboko n'kumagwedeza pang'onopang'ono. Atakatulutsa anakapukuta ndi kaburashi akuyang'anira m'kagalasi kawo, dzanja lili phee ngakhale anali munthu wokalamba. Kataumanso ndinajambula. Apo m'pamene ndinaona koyamba chilombo chimene chakhala chikudya chimanga chathu chibadwire changa. Msana wake uli ndi timaenje tozungulira tondandalikana bwinobwino. Pamapiko olimba pali madontho anayi ofiirira. Kukamwa kuli kunsonga kwenikweni kwa chitamba, ndipo n'kumene wamkazi amaboolera njere, kuikiramo dzira limodzi, n'kumata pabowopo kuti kamphutsi kakulire m'kati mosaonedwa. Ndinaitana mayi a kunyumba. Anangogwira pakamwa.

Kuyambira pamenepo ntchito yanga inali kutola. Mamawa ndinkayang'ana m'mawindo, pansi pa babu la pakhonde, m'madiramu a madzi, m'zingwe za akangaude. Tizilombo tambiri timene ndajambula ndinatipeza titafa kale, ndipo ndimakonda choncho. Kakakhala kowononga mbewu, kapena ndikufuna maso ake akadali abwino, ndimakaika m'botolo n'kukalowetsa mufiliza, kumene kamafa ndi kuzizira popanda kuphwanyika kanthu. Botololo ukalitulutsa sufulumira kutsegula. Umalisiya lifunde kaye, apo ayi mame amagwira kachilomboko n'kumata ubweya wonse. Ndaonapo ojambula ena amene amapha tizilombo tambirimbiri kuti asankhepo kamodzi kokongola. Zimenezo ine sindigwirizana nazo. Kamodzi kokonzedwa bwino kamakwanira.

Madzi nawo ali ndi nkhani yake. Kuno ambiri timamwa a m'mijigo, ndipo madzi amenewa akauma amasiya timawanga toyera. Pa mbale suungaone, koma pa diso la ntchentche timawangato timaphimba chilichonse. Ndiye ukatsuka ndi sopo umatsukuluza ndi madzi othira m'batire ya galimoto, opanda mchere aja ogulitsa m'mabotolo m'malo omwetsera mafuta, osati asidi. Pomaliza umaviika mu sipiriti kuti achotse madzi otsala ndi kuumitsa msanga. Chaka chimenecho sanitaiza anali paliponse, koma ambiri amasakaniza ndi glycerine, ndiye amasiya zonanda. Sipiriti wapepo uja wa m'masitolo ali ndi utoto. Amene amagwira bwino ntchito ndi isopropyl, yemwe anyamata okonza mafoni m'tauni amatsukira zam'kati mwa foni.

Njuchi ndiyo inandiphunzitsa kudekha. Mwezi wa October, majakaranda akachita maluwa, njuchi zimachuluka, ndipo chifukwa cha kutentha zambiri zimagwera m'madzi pofuna kumwa. Ukaivuula imaoneka ngati nkhuku yovumbwa ndi mvula, ubweya wonse utagona n'kumatana. Ukaisiya iume yokha, ikhala choncho mpaka kalekale. Malume anandionetsa kuti ukangoichotsa mu sipiriti umaigoneka pa tishu kuti amwe chinyezi, kenako umaibaya pa phini, n'kuyamba kupopera mpweya ndi kampira kaja uku ukupesa ubweya ndi kaburashi kouma, kuchokera kumbuyo kupita kumutu. Zimatenga nthawi. Poyamba palibe chimene chimasintha, dzanja limatopa, kenako umangoona ubweya wa pachifuwa ukuyamba kudzuka umodziumodzi, mtundu wagolide uja n'kubwerera.

Ndikamaonetsa anthu chithunzi cha njuchi, ambiri amakhulupirira movutikira kuti ngakhale m'maso mwake mumamera ubweya, pakati pa timagalasi tambirimbiri timene timapanga disolo. Ubweya wa pathupi uli ndi tinthambi, n'chifukwa chake mungu umakanirira. Pamwendo wakutsogolo pali kampata kozungulira kokhala ndi timano, kamene njuchi imalowetsamo kanyanga kake kuti ikapukute. Ndinakhala ndikuyang'ana kampata kameneka usiku wina mpaka tulo tinandithawa. Chilombochi moyo wake wonse chimadzisamalira chokha. Fumbi limene ndimachotsa ndi limene linabwera chitaleka kudzipukuta.

Pamenepa m'pamene ndinapeza lamulo limene ndimayendera mpaka lero. Ndimachotsa zimene zinabwera kachilomboko katafa: fumbi la pawindo, ulusi wa nsalu, zingwe za kangaude, nkhungu. Zimene kanali nazo kali moyo ndimazisiya. Njuchi ikakhala ndi mungu pamiyendo yakumbuyo sindiiviika m'madzi n'komwe, ndimangotola zinyalala chimodzichimodzi ndi nsonga ya singano. Phiko long'ambika m'mphepete limasonyeza kuti njuchiyo inali yokalamba, yauluka maulendo ambiri. Nsabwe zing'onozing'ono zokakamira pansi pa chikumbu chogubuduza ndowe ndi anzake oyenda nawo, sindizichotsa. Pa intaneti pali zithunzi zambiri za tizilombo tonyezimira mopitirira, topakidwa mitundu pa kompyuta, ndipo anthu amazikonda. Ine zimandimvetsa chisoni, chifukwa mlimi wa ku Domboshava ataona chithunzi chotero sangazindikire chilombo chimene chili m'dimba mwake.

Gulugufe ndi njenjete sizisambitsidwa. Mitundu yake ili m'timamba tosanjikizana pamapiko, ndipo fumbi limene limatsala pachala ukagwira gulugufe ndi timamba tomweto. Kumeneko ndi mpweya wokha, wopopera chapatali. Tombolombo ndi nunkhadala nazo zimafuna changu, pakuti mitundu yake imazilala zikangofa, ndipo maso a ntchentche amachita mdima n'kufwapa pakangopita tsiku kapena awiri. Diso la tombolombo limatha kukhala ndi timagalasi pafupifupi 30,000, ndiye ukachedwa wataya chinthu chenicheni chimene umafuna kuonetsa. Zikumbu zobiriwira zonyezimira zija sizivuta, chifukwa kuwala kwake kumachokera ku mapangidwe a chigoba, osati utoto, moti zimakhala zaka osasintha. Vuto lake ndi mafuta a m'thupi amene amatuluka pakapita nthawi n'kudetsa chigobacho. Mankhwala ake ndi kuziviika mu acetone weniweni, osati wochotsera utoto wa m'zikhadabo, amene nthawi zambiri amathiramo mafuta ndi zonunkhiritsa.

Kachilombo kouma kale kamakhala gwaa, miyendo itapindikira pansi pa mimba. Ukayesa kuwongola imathyoka. Umayamba wakafewetsa. Ndimatenga kontena yotseka bwino, pansi ndimayala tishu wonyowa, ndimadonthezapo Dettol pang'ono kuti nkhungu isamere, kachilomboko ndimakaika pa kachivindikiro ka botolo kuti kasakhudze madzi. Kakang'ono kamafewa pa tsiku limodzi, chikumbu chachikulu masiku awiri kapena atatu. Ukaiwala n'kupitirira, chimawola.

Kakafewa umakaimika. Malume ankadula zidutswa zoimikapo tizilomboto za kaylite, choyera chopepuka chija cha m'makatoni a mafiliji ndi ma TV, ndipo mapini tinapempha kwa telala wina wa mumsewu mwathu, mnzathu wa ku Mangochi. Mwendo suubaya. Umautsekereza ndi mapini awiri opingasana, pamalo pamene ukanakhala chilombocho chikuyenda, n'kusiya masiku angapo kuti uume momwemo. Acetone asayandikire kaylite, amamusungunula nthawi yomweyo. Akatswiri osunga tizilombo amabaya chikumbu pa phiko lakumanja, ntchentche ndi njuchi pachifuwa chakumanja pang'ono, kuti mbali inayo ikhale yosaonongeka. Ine pojambula nthawi zambiri ndimabayira kunsi kuti phini asaoneke. Kuti uimike bwino uyenera kuti unakhalapo pansi n'kuonerera chamoyo. Chiswamphika chimapinda manja mwanjira yake, mavu akatera amanyamula tinyanga mwanjira yake. Masana ambiri a nthawi yobindikira ija ndinawathera nditagwada m'kadimba ka kuseri, kuyang'ana zimenezi.

Kujambula kwenikweniko ndidzakufotokoza mokwanira m'gawo lina. Pano ndingonena kuti ukakulitsa chonchi, malo ooneka bwino pa chithunzi chimodzi sakwana ngakhale milimita imodzi. Diso likaoneka, chitamba chili mbuu. Ndiye umajambula zithunzi zambirimbiri, kamera ukuisuntha pang'onopang'ono, kenako pulogalamu monga Zerene Stacker, Helicon Focus kapena Picolay yaulere ija imaziphatikiza kukhala chimodzi. Chosunthira kamera anapanga ndi Malume, ndi thabwa ndi bawuti ya M6, imene ukaizunguza kamodzi imayenda milimita imodzi ndendende. Pamutu pake anamatapo kachikatoni kozungulira kogawidwa zigawo 20. Kuwala kwa fulashi tinkakufewetsa ndi kapu yoyera ya yogati. Tinkagwira ntchito usiku, magalimoto atasiya kudutsa, chifukwa ngakhale mwana kuthamanga m'chipinda china kumagwedeza chithunzi. Ndipo kafumbi kamodzi kamene unakasiya potsuka kadzatuluka koonekeratu kuposa china chilichonse.

Panali vuto lina limene silikhudza kamera. Mwamuna wamkulu kumatola zikumbu zakufa n'kumazisunga m'mabotolo, anthu salephera kuyankhula. Madzulo ena mayi a kunyumba anandikhazika pansi.

"Abambo, kumjigo ayamba kunena. Akuti mwapita kwa sing'anga, mukufuna zizimba za bizinesi."

Sindinawaseke anthuwo, pakuti tonse tinakulira m'zikhulupiriro zomwezo. Misonkhano itayamba kuloledwanso, ndinatsukitsa zithunzi zingapo zazikulu n'kupita nazo kubungwe lathu la maliro, kumene timakumana ana a ku Malawi a ku Mufakose ndi a ku Kambuzuma. Gogo wina wa ku Ntcheu anatenga chithunzi cha nkhululu, anachiyandikiza kumaso, n'kunena kuti, "Mwana wanga, izi tinkakumba kudambo tili atsikana. Sindinkadziwa kuti zili ndi nkhope." Anayamba kutchula mayina a tizilombo amene ana athu obadwira kuno sanawamvepo: bwanoni, mafulufute, bemberezi, chiphaniphani. Kuchokera tsiku limenelo ana a mumsewu mwathu anayamba kundibweretsera tizilombo m'mabokosi a machesi, ndipo ndinawalamula kuti azitola takufa tokha.

Kalikonse ndikamaliza kujambula ndimakalembera kapepala: malo, tsiku, ndi chomera chimene ndinakapezapo. Ndi mmene amachitira ku Natural History Museum ya ku Bulawayo, kumene kwasungidwa tizilombo tochuluka zedi, kalikonse ndi kapepala kake pa phini. Ndimasunga m'bokosi lotseka, muli timipira ta naphthalene ndi timapaketi ta silica gel ta m'makatoni a nsapato, chifukwa nyerere zikalowa usiku umodzi wokha zimasiya mapini okhaokha, ndipo m'dzinja chinyezi chimabweretsa nkhungu.

Mvula ya chaka chimenecho itagwa, msuweni wanga amene amalima ku Mazowe anabwera ndi misonga ya chimanga yobooka masamba. M'kati munali ntchemberezandonda zija zinachokera ku America n'kufika m'dziko lino mu 2016. Alimi anzake ankazisokoneza ndi kapuchi, ndipo ankathira mankhwala mwachisawawa. Ankafuna chithunzi choonetsa bwino chizindikiro chonga Y wozondoka pamutu ndi madontho anayi akuda chakumchira, kuti azitumizirana pa WhatsApp. Koma mbozi ndi yofewa, siibayika pa phini, ndipo ikafa imakwinyika n'kuda. Zonse zimene ine ndi Malume tinaphunzira pa zikumbu ndi njuchi sizikanathandiza. Mmene tinachitira nazo, ndi mmene chithunzi chimenecho chinandipezera ntchito yoyamba yolipidwa chiyambire mliri, ndi nkhani ya gawo 10.