Loweruka la lata, chiguduli ndi tiagalu tisanu

Dzuwa la Okutobala kuno ku Mufakose, mu mzinda wa Harare ku Zimbabwe, silichedwa kuswa mtengo, ndiye ntchito tinaiyamba 6 koloko, simenti ya pakhonde isanatenthe. Tiagalu tisanu takwanitsa masabata 7 lero. Tili m'kati mwa nyengo imene galu amazolowera zachilendo mosavuta, yoyambira pa masabata 3 n'kumatsekeka cha pa 12 mpaka 14. Chimene kagalu sikanachione, kuchimva kapena kuchiponda pofika pamenepo, nthawi zambiri kamadzachiuwa kapena kuchithawa kakakula.

Lero linali tsiku la zoponda. Tinandandalika chiguduli, katoni yophwasula, mkeka, udzu wouma, thayala lakutha ndi kachidutswa ka lata kopinda m'mbali kuti kasacheke mapazi. Paliponse tinaponyapo timibulu titatu ta chakudya, totapa m'mbale ya m'mawa. Mukamawonjezera china pamwamba pa chakudya cha tsiku, mimba zimatseguka.

Tinayi tinadutsa tikukankhana. Kakakazi kakuda kataponda lata ndi mwendo umodzi, lata linati phwa, iko n'kubwerera chafutambuyo, mchira uli m'miyendo, kakunyambita milomo ndi kuyasamula. Kuyasamula kotero si tulo ayi, ndi mantha. Mnyamata wa nyumba yoyandikana, amene amabwera kudzathandiza, anali atatambasula kale manja.

"Amalume, ndingokanyamula n'kukaikapo?"

"Iyayi mphwanga, kasiye. Kabwere kokha."

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, mtima uli wabwinobwino. Kagalu kokhazikidwa mokakamiza pa chinthu chimene kakuchiopa kamaphunzira kuti lata ndi loopsa, manja a munthunso osawakhulupirira. Tinapinda chiguduli n'kuchilowetsa pansi pa lata kuti lisalire kwambiri. Chakudya tinayamba kuchiika patali ngati chikhato chimodzi, kenako m'mphepete, kenako pakati. Ulendo wachitatu kanatalikitsa khosi, miyendo yakumbuyo itatsala pa simenti, kanatola, n'kukwera konse. Tinalekera pomwepo, osafuna kuti kabwerezenso. Zonsezi zinatenga mphindi zosakwana zisanu.

Kenako tulo. Kagalu ka msinkhu uwu kamagona maola 18 mpaka 20 pa tsiku, choncho phunziro lililonse lisapitirire mphindi zitatu kapena zisanu. Kakayamba kuluma mwamphamvu, kuthamanga mozungulira ndi kusamva, anthu amati n'kolusa, chonsecho kangotopa.

Masana zinali za mphuno ndi mano, pamthunzi. M'katoni tinadzazamo nyuzipepala zofwinya n'kumwazamo chakudya cha masana. Kufufuza ndi mphuno kwa mphindi zochepa kumatopetsa kagalu bwino, kamagona kosavuta. Botolo la pulasitiki loboola timabowo tinayi limagwiranso ntchito yomweyo, bola muchotse chitsekerero ndi kamkombero ka pakhosi, ndipo mulichotse likayamba kung'ambika. Chotafuna tinapereka kaloti wamkulu wozizira, munthu ali pomwepo. Chitsononkho ayi: sichigayika, chimakatseka matumbo mpaka opaleshoni. Mafupa a nkhuku ophika amasweka ngati minga, ndipo nsima yonyika mu msuzi wa anyezi si chakudya cha galu, poti anyezi amawononga magazi ake. Tinasesanso tizipatso tachikasu ta mtengo wa indya, umene kuno amautcha syringa. N'tapoizoni, ndipo tiagalu timatola chilichonse.

Cha m'ma 4 koloko inali nthawi yoona anthu. Vuto ndi ili: katemera woyamba yekha, amene tinabayitsa pa masabata 6, sateteza mokwanira, ndipo kachilombo ka parvo, koyambitsa matenda oopsa a kusanza ndi kutsegula m'mimba mwa tiagalu, kamakhala m'dothi miyezi yambirimbiri. Kudikira mpaka katemera womaliza wa masabata 14 mpaka 16 kagalu kali m'khola n'kutaya nyengo yonse yophunzira. Ndiye timanyamula kamodzikamodzi m'manja mpaka pageti, osakatsitsa pansi. Kaone makombi (maminibasi), kamve mahwindi (anyamata oitanira) akuitanira za ku tauni, kaone wilibala ndi ana akusewera mpira wa mapepala. Mphindi zitatu, kubwerera.

Alendo amavula nsapato pageti ndi kusamba m'manja ndi sopo. Lero kunabwera agogo ena a ndodo ndi duku, komanso bambo wa chipewa chachikulu. Ndinawapempha kuti, "Agogo, khalani pa mkekapa, musawaitane, abwera okha." Anaseka, amvekere kwawo ku Dedza galu sachitiridwa mwambo wotere, koma anakhala. Kakuda kanafika komaliza, kanunkhiza ndodo, n'kudya m'manja mwawo. Ambulera tinaitambasula pang'onopang'ono chapatali. Mukaitsegula mwadzidzidzi pamaso pake, mwawononga sabata yathunthu.

Mvula ili pafupi, ndipo agalu oopa mabingu ndi ambiri. Pa chakudya cha madzulo tinaliza phokoso la mabingu pa foni, motsitsa kwambiri. Muyeso wake ndi mbale: tikamadyabe, mawa mukweze pang'ono, kena kakasiya kudya n'kuimika makutu, mwakweza msanga, tsitsani. Jenereta ya oyandikana nawo tiagaluti tinaizolowera kale tokha.

Tisanagone, kalikonse kanagwidwa makutu, zala, mchira ndi kutsegulidwa kukamwa, kambulu ka chakudya kakutsatira. Izi zimathandiza kuti kasadzavute kwa dokotala wa ziweto, komanso ndi mpata wofufuza nkhupakupa m'makutu ndi pakati pa zala. Nkhama zikhale zofiirira. Zikayera, kagalu n'kufooka, musachedwe kupita nako kwa dokotala, angakhale matenda a nkhupakupa kapena njoka za m'mimba. Mankhwala a njokazo ndi a masabata awiri alionse mpaka masabata 12, ndipo Loweruka likubwerali ndi tsiku lake. Kalikonse kanakhalanso kokha m'katoni mphindi ziwiri ndi chotafuna, kuti tsiku losiyana ndi anzake kasadzalire usiku wonse.

Mawa ndi za madzi: beseni lalikulu, madzi ofunda akuya zala ziwiri, chiguduli pansi kuti pasaterere. Kakuda kadzayamba kokha, anzake atatsekeredwa, chifukwa akamakakankha kumbuyo sikapeza mpata wobwerera.