Lipoti la ulendo wathu wa ku Johannesburg

Anzanga a m'gulu lathu la amuna kapena akazi okondana okhaokha ndi ena osadzitcha mwamuna kapena mkazi, ndalama ya basi munasonkha ndinu, ndiye imvani zomwe tinakaona ku Joni.

Tinanyamuka ku Blantyre kudzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge. Kutalika kwa njira tinapirira, chotopetsa chinali m'malire. Mnzathu mmodzi sadzitcha mwamuna kapena mkazi, ndipo maonekedwe ake sagwirizana ndi zolembedwa mu pasipoti. Pa chipata china anamuimika pambali. Wantchito anayang'ana chithunzi, n'kuyang'ana nkhope, n'kuitana mnzake kuti naye adzaone. Anamusiya apite, koma basi yonse inali itamva. Odzapita ulendo wina, ku zimbudzi za m'njira muzipita awiriawiri.

Otilandira anayamba kutionetsa Constitution Hill. Kale panali ndende yomwe Gandhi ndi Mandela anatsekeredwamo, ndipo lero pali khoti loona za malamulo aakulu a dzikolo, lomwe njerwa zake zina zinagumulidwa ku ndende yomweyo. Gawo 9 la malamulo awo a 1996 limaletsa kusala munthu chifukwa cha amene amakondana naye, ndipo kuyambira 2006 amuna kapena akazi okhaokha amamanga ukwati ku boma. Ife tinamvera mitima ili kwathu, komwe gawo 153 la malamulo a milandu, lomwe amazengera amuna ogonana okhaokha, likadali ndi chilango cha zaka 14, ndipo khoti linakana kulichotsa mu June 2024.

Ku yunivesite ya Wits tinalowa ku GALA, malo osungirako mbiri ya anthu ngati ife, omwe anakhazikitsidwa mu 1997. Amasunga makalata omwe Simon Nkoli, womenyera ufulu wa anthu ngati ife komanso wolimbana ndi tsankho la apartheid, analemba ali m'ndende pa mlandu woukira boma wa Delmas. Iyeyu ndi Beverley Ditsie anali m'gulu lomwe linakonza pelete woyamba wa Pride, wa anthu ngati ife, m'dzikolo mu 1990, pomwe ena anayenda atabisa nkhope m'majumbo a mapepala. Ndinadzifunsa kuti zithunzi za pelete wathu wa ku Lilongwe wa 2021 akusunga ndani. Mwina zili m'mafoni omwe anatayika kale.

Koma tsiku lomwe linandigwira mtima ndi la ku KwaThema, dera la kum'mawa kwa Joni. Kumeneku n'kumene Eudy Simelane, wosewera mpira wa Banyana Banyana, timu ya dziko ya akazi, yemwe sankabisa kuti amakondana ndi akazi anzake, anaphedwa mu 2008, lamulo la ukwati lija lisanathe zaka ziwiri. Otilandira sanabise: lamulo lilipo, koma pokwera minibasi usiku umakhala wekha. Chomwe chimawagwira ndi chipereganyu chawo. Mwezi uliwonse amasonkha, amaphikira limodzi, ndipo amene wathamangitsidwa pakhomo amadziwiratu kokagona.

Nkhani ya maliro ndiyo tinakhalitsa nayo, mpaka tiyi anazizira. Munthu wakhala zaka ndi dzina lomwe anadzisankhira, koma akamwalira achibale amamuveka zovala zomwe sankavala, m'busa n'kutchula dzina lomwe analisiya, wokondedwa wake atakhala kumbuyo ngati wodutsa m'njira. Otilandira aja anaona kuti gulu likabwera ndi bokosi, ufa ndi galimoto, a kubanja amamvetsera. Sikuti mitima imasintha pompo, ayi, koma wogula bokosi sathamangitsidwa pa siwa. Ine ndikuona kuti ichi tingathe kwathu mawa lino, osadikira khoti.

Tinachezanso ndi a Malawi anzathu omwe anathawira kumeneko. Ena akudikirabe mapepala, ganyu ndi wa apo ndi apo, ndipo kuwonjezera pa kusalidwa kuja amatchedwanso makwerekwere. Oganiza zosamuka, yambani mwalankhula nawo.

Pa msonkhano ukubwerawu tikambirane ziwiri: thumba la maliro ndi la pogona, komanso munthu wosunga zithunzi ndi makalata athu pamalo obisika bwino. Malisiti a ulendo ali kwa msungichuma, ofuna kuona afike msanga.