Bawuti imodzi yokha

Ndinkangofuna kumanga bawuti imodzi. Imodzi yokha, ya saizi ya M10, yogwira chitsulo cha alitaneta, chipangizo chotchaja batire, chifukwa lamba wake ankalira ngati kamwana ka mbuzi m'mawa uliwonse ndikaliza galimoto. Mayi akunyumba anati, "Abambo, bwanji osangoitana amakaniko?" Ine ndinaseka chikhakhali. Kulipira munthu chifukwa cha bawuti?

Ndinamanga, mtima n'kundiuza kuti sinalimbe. Ndinaveka paipi kumchira kwa sipanala n'kutsamira ndi thupi lonse. Inalimba, kulimba, kenaka mwadzidzidzi inayamba kuzungulira pepuu, ngati chitsekerero cha botolo. Amene anamangapo bawuti mu aluminiyamu akukudziwa kuzizira kumene kumatsika ndi msana panthawi imeneyo. Nditaitulutsa, mazinga a m'bowo anatulukira limodzi, atakulungika pabawutipo ngati kawaya konyezimira.

Alamu anga ali ndi bokosi la matapu ndi madayi, analigula kalekale koma likadali ndi fungo la chatsopano. Pondibwereka anati, "Tapu ndi yotema mazinga m'bowo, dayi ndi ya pabawuti. Koma osakakamiza, alamu." Mawu omalizawo anandipeza ndili kale pageti.

M'bokosimo munali matapu a M10 amitundu iwiri, ena olembedwa 1.5, ena 1.25. Nzeru zanga zinati nambala yaikulu ndiye yamphamvu. Sindinadziwe kuti nambalayo ndi mtunda wa pakati pa mazinga m'mamilimita, ndipo bawuti yanga inali ya 1.25. Kachipangizo koyezera mazingako kanali momwemo, kooneka ngati tizipeso tomangidwa pamodzi. Ndinakagwiritsa ntchito ndithu: ndinachotsera girizi m'zikhadabo.

Ndinayamba ndi dayi, kuti bawuti iwongoke. Inatuluka ngati yajegwedwa ndi khoswe. Ndinati ayi, ikalowa m'bowo ikakhala bwino. Ndiye ndinatenga tapu, ndipo pa zitatu za 1.5 ndinasankha yansonga yobuntha, poti inkaoneka yaulemu. Pamenepo n'kuti imeneyo ndi yomalizira pansi pa bowo, yoyambira ndi ija yosongoka. Chogwirira chake cha mikono iwiri sichinkakwana pamalopo, ndiye ndinaigwira ndi shifitingi, oyilo osathirako ngakhale dontho.

Pamwamba inalowa mosavuta, popeza panalibenso chotema. Itafika pansi, pomwe panatsala mazinga enieni, inayamba kukana. Ndinapotokola. Inalira kuti kwii. Munthu wanzeru akanabwerera m'mbuyo. Ine ndinayang'ana paipi ija, paipinso inandiyang'ana.

Thyoo!

M'manja munatsala theka la tapu, theka linalo lili phee m'bowo, lathyokera cham'kati pang'ono, malo ogwira ndi pulayala palibe. Ndinatenga dirilo. Nsonga yoyamba inabuntha, yachiwiri inafuka utsi, yachitatu inaterereka n'kukanda injini pambali. Patapupo panangotsala kadontho kowala. Chitsulo cha tapu ndi cholimbitsidwa kuti chizidya zitsulo zinzake, n'chifukwa chake sichipindika, chimangothyoka, ndipo nsonga wamba ya dirilo imangochisisita.

Mawa lake kunabwera amakaniko, achikulire aimvi osalankhulalankhula. Anaunika m'bowomo ndi tochi kwa nthawi yaitali, n'kupukusa mutu.

"Wachita zimenezi ndani, bambo?"

"Mnyamata wina wake," ndinatero.

Mayi aja ali pakhonde anati, "Eetu, mnyamata wake ndi wadazi."

Achikulirewo sanaseke, zomwe zinandipweteka kuposa kuseka. Anathira mafuta omasulira dzimbiri, kutenthetsa pang'ono mozungulira bowolo, n'kulowetsa kachida ka timano tachitsulo m'ngalande za tapuyo. Ankagwedeza pang'onopang'ono, uku ndi uku, ngati akuzula dzino la mwana. Panatha ola lathunthu chidutswacho chisanatuluke, ine ndikuwagwirira tochi ngati wophunzira ntchito.

Ali mkati mogwira ankalankhula ngati akuuza injiniyo, osati ine. Tapu amaiimika chilili, amaithira oyilo, amaipotokola theka n'kubwerera m'mbuyo pang'ono kuti tizidutswa tithyoke, ndipo nthawi ndi nthawi amaitulutsa n'kuipukuta. Kenaka anatola kawaya kaja pansi n'kundionetsa. "Mazinga anu ndi awa, bambo. Tapu imawongola ophwanyika, siibwezera amene atuluka. Ngakhale mukanatenga yoyenera, bawuti ikanagwira mphepo."

Anakuza bowolo, kutema mazinga ena ndi tapu yakeyake, n'kupotokoleramo Helicoil, kawaya kopiringiza kosachita dzimbiri kamene kamabwezeretsa bowo pa saizi yake yakale. Bawuti yatsopano anaimanga ndi sipanala yoyeza mphamvu. Itangoti khethe, anasiya. Ndinaona ngati yachepa, dzanja langa linayamba kulowera kumene kunali paipi, mayi aja n'kuiponda ndi phazi.

Ndinaliza galimoto monyadira. Kamwana ka mbuzi kaja kanalira monga kale.

Achikulire aja anazimitsa injini, kugwira lamba n'kumutembenuza. Anali wong'alukang'aluka, wosalala ngati galasi. "Lamba watha uyu. Bawuti ija inalibe mlandu."

Bokosi ndinakabweza usiku, n'kupatsira ana pakhomo. Ndisanafike n'kunyumba komwe foni inalira. "Alamu, matapu a M10 anali asanu ndi imodzi. Pano ndikuona asanu ndi theka."