Ulendo wa alangizi a makalabu a zachilengedwe ku Cape Maclear ndi ku Malombe

Tinanyamuka pa boma la Mangochi m'mamawa, tili anthu 14: aphunzitsi oyang'anira makalabu a zachilengedwe m'sukulu zapulayimale ndi alangizi atatu amene ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku ndi kuphunzitsa za kasamalidwe ka chilengedwe. Unali mwezi wa Okutobala, ndipo tinausankha dala. Mwera umakhala utaleka, nyanja imakhala bata m'mawa, komanso ndi nthawi imene mbande zili m'nazale. Cholinga chinali kukaona mmene anzathu a ku paki ya Lake Malawi amaphunzitsira ana a asodzi za nsomba, popeza phunziro limeneli ndi limene limatikanika kwambiri m'makalabu mwathu.

Msewu ndi wa ku Monkey Bay, koma musanafike mumakhotera kumanzere n'kuyenda makilomita pafupifupi 18 m'mapiri. Tinaima pang'ono pa Mwala wa Mphini, chimwala chokhala ndi mizere ngati mphini za pankhope, kenako tinatsetserekera ku Chembe, mudzi wa ku Cape Maclear.

Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse, makamaka chifukwa cha mbuna, tinsomba tamitundumitundu tokhala m'miyala. Malire ake amalowa m'madzi mamita 100 kuchokera kumtunda wa paki ndi kuzungulira zilumba monga Thumbi, Domwe ndi Mumbo, ndipo m'kati mwa malirewo kusodza n'koletsedwa. Chovuta n'chakuti midzi monga Chembe, Msaka ndi Mvunguti ili m'kati momwemo. Mwana amene mukumuuza kuti pa Thumbi sasodzapo, ndiwo ya dzulo lake idachokera m'madzi omwewo. Mlangizi amene anatilandira anayambira pomwepa: mukayamba phunziro ndi lamulo, ana amakhala chete, ndipo kunyumba amakanena kuti kunabwera a paki. Iwo amayamba ndi nsomba, lamulo limabwera kumapeto ana atafunsa okha.

Kachitidwe kake tinakaona ku Otter Point. Ana sapitirira 10 kwa wamkulu mmodzi, aliyense atavala jekete yoyandamitsa, ngakhale amene akulumbira kuti adabadwira m'madzi. Magalasi oonera pansi pa madzi amakhala ochepa, motero ana amalowa awiriawiri kwa mphindi zisanu, wina akuona, wina akumugwira dzanja. Asanalowe amapatsidwa ntchito imodzi yokha: kusankha mwala umodzi n'kuona nsomba imene siichokapo. Akatuluka amanena mtundu wake, mizere yake, ndi chimene imachita inzake ikayandikira. Mayankho ake amafanana: yamphongo yowala ija imathamangitsa zinzake, ndipo zonse zimapala ndere pamwala ndi kukamwa. Apa m'pamene mlangizi amafotokoza kuti mbuna sizikonda kudutsa pamchenga kapena pamadzi akuya, n'chifukwa chake mitundu ina imapezeka pachilumba chimodzi basi padziko lonse. Mukaimaliza pamenepo, mulibe koti mukatenge ina.

Zolakwika zimene anatichenjeza n'zazing'ono koma zimapha phunziro. Kufika dzuwa litakwera, mphepo itayamba, madzi amavunduka ndipo ana saona kanthu. Ana akaponda pamchenga wa pafupi ndi miyala, matope amadzuka, oyamba kulowa okha ndi amene amaona. Galasi likachita nthunzi mwana amachita mantha n'kulivula, choncho amalipaka malovu m'kati n'kulitsukuluza asanavale. Nkhani yoponyera nsomba buledi, imene amaboti amachitira alendo, iwo saichita ndi ana. Nsomba zimadzadza m'manja, ana amakuwa ndi chisangalalo, koma chimene amayenera kuona, chakuti nsomba iliyonse ili ndi mwala wake, chimasokonekera. Ifenso tinagwirizana nawo. Ndipo zakudya muzitsekere m'galimoto; anyani a ku Golden Sands, pamalo ofikira alendo a pakiyi, sapempha.

Za likodzo anazinena mosabisa. Ana salowetsedwa pagombe la pamudzi pamene anthu amachapa ndi kusamba, ndipo onse amapita kuchimbudzi asanalowe m'madzi. Matendawa alangizi amawagwiritsanso ntchito ngati phunziro: mazira a likodzo amatuluka ndi mkodzo, tizilombo timakulira m'nkhono, kenako timalowa pakhungu la wosamba. M'nyanjamu muli nsomba zodya nkhono, ndipo zikachepa chifukwa chokokera makoka pafupi ndi gombe, nkhono zimachuluka. Kholo limene silimva za mbuna, izi limamva, chifukwa mwana wokodza magazi limamudziwa.

Masana tinadutsa pa manda a amishoni a Livingstonia, amene anafika pamalopa mu 1875 n'kusamukira ku Bandawe mu 1881 malungo atawavutitsa. Sitinachedwepo.

Phunziro limene ambiri tinalilemba m'makope linali la maso a ukonde, ndipo silifuna nyanja. Mumatenga beseni, mbale imodzi ya mtedza wosasenda kuimira chambo chachikulu, ndi mbale ziwiri za mapira kuimira kasawala, ana a chambo. Mumasakaniza. Gulu loyamba limasefa ndi chidutswa cha ukonde wa maso aakulu: mtedza umatsala pamwamba, mapira amabwerera m'beseni. Pa dzanja lililonse la mapira obwerera, mlangizi amawonjezera mtedza usanu, kunena kuti chaka chatha, ana akula. Gulu lachiwiri limasefa ndi masikito. Ulendo woyamba amadzaza mbale n'kunyadira, wachiwiri beseni lili mbee. Mlangizi sanena kanthu, amangofunsa kuti chaka chachitatu adya chiyani. Kenako amaonetsa chithunzi cha chambo chachikazi chitasunga mazira ndi ana m'kamwa, kuti ana amvetse kuti kugwira mayi mmodzi pa nthawi yoswana n'kutaya ana onse amene wawafungatira. Kutseka nyanja kuyambira pa 1 Novembala kumamveka bwino akaona zimenezi. Chenjezo limodzi: musafunse kuti ndani kwawo amasodza ndi masikito. Mwana amene waloza mnzake wayambitsa mlandu umene mphunzitsi sangauthe.

Tsiku lachiwiri tinabwerera n'kutsikira ku nyanja ya Malombe, kumene chambo chidatha koyambirira kwa zaka za m'ma 1990 ndipo makomiti a m'madooko, aja a BVC, adayambira mu 1993. Kuno mlangizi amagwira ntchito ndi akuluakulu, ndipo kachitidwe kamasintha. Msonkhano umadzera kwa amfumu ndi apampando a komiti, osati kungoimitsa galimoto padooko. Sauika m'mawa pamene maboti akukocheza ndipo amayi ali kalikiliki kugula nsomba, komanso Lachisanu masana anthu ambiri amakhala ali ku mzikiti. Ambiri amamasuka m'Chiyao, motero mlangizi wosachidziwa amayenda ndi womasulira wa m'mudzi momwemo. M'malo mwa mapepala, amapempha asodzi achikulire atatu kuti ajambule pansi pamene kale pankamera udzu wa m'madzi ndi pamene chambo chinkaswana, achinyamata n'kuikapo miyala pamene amaponya ukonde wa nkacha lero. Mkangano umene umabuka pakati pawo ndiwo phunzirolo. Mlangizi mmodzi anatiuza kuti, "Aphunzitsi, mukalankhula inu kuposa theka la nthawi, dziwani kuti msonkhano walephereka."

Tinamalizira pa nazale ya kalabu ya sukulu ina kumeneko, ndipo apa tinaona zabwino ndi zoipa pamodzi. Dothi la m'machubu adasakaniza bwino: magawo atatu dothi lapamwamba, limodzi manyowa owolerana, limodzi mchenga. Nthanga za nsangu amazicheka pang'ono ndi chowengera zikhadabo, kumbali yotalikirana ndi kamaso, chifukwa khungu lake n'lolimba ndipo zosachekedwa zimamera mochedwa ndi mwapatalipatali. Koma mzere wina wa keshya unali utagwa, timbande titawola patsinde. Chifukwa chake chinali poyera: shedi yaudzu yothinana kwambiri, ndipo magulu awiri a ana ankathirira osauzana. Mzere wina mizu inali italowa pansi chifukwa machubu sankasunthidwa. Mbande zotere mukazizula pa nthawi yobzala zimafota. Mankhwala ake ndi kunyamula machubu ndi kudulira mizu masabata awiri alionse, ndipo kukatsala mwezi kuti mubzale, kuchepetsa madzi ndi mthunzi kuti zikhwime. Nyengo yobzala mitengo imatsegulidwa pa 15 Disembala, koma kuno kunyanja amadikira mvula yolowa pansi, osati tsiku la pakalendala.

Chimene chinatidandaulitsa ndi kawerengedwe. Malipoti ambiri a makalabu amanena mitengo yobzalidwa, pamene yopulumuka ku mbuzi, chiswe ndi moto salembapo. Anzathuwa amapereka mitengo isanu kwa mwana aliyense, dzina lake n'kulembedwa m'kope, ndipo amaiwerenga kawiri, mu Epulo ndi mu Okutobala. Chiwerengero cha Okutobala n'chimene amatumiza ku ofesi, ngakhale chikhale chochititsa manyazi.

Tisanabalalike tinagwirizana kuti kalabu iliyonse ichite phunziro la beseni nyanja isanatsekedwe, ndipo kope la nazale likhale ndi ndandanda ya othirira, gulu limodzi pa tsiku. Magalasi a m'madzi tilibe, choncho tipempha obwereka ulendo wa ana ukayandikira. Anzathu a ku Malombe adzatiyendera mu Epulo kudzawerenga nafe mitengo.