Kope langa lagwira fumbi

Madzulo ano ndikutseka windo la famase ndapeza kope lija pansi pa makatoni a Coartem, fumbi lokhalokha. Ndimalembamo odwala amene amafika kuchipatala atamwa kale amoxicillin wogula pakantemba, timakapisozi tinayi kapena tisanu, kenako n'kusiya. Tsamba lomaliza ndinalemba mvula isanayambe. Mtima wandipweteka, abale.

Paja amati ife a mankhwala sitikonda kafukufuku. Bodza! Kusamva mankhwala kwa tizilombo timakuona ndi maso athu tsiku lililonse muno m'Chipata. Koma munthu wathera tsiku pamzere wa ma ARV, wawerenga stoko, wazungulira m'mawodi, pulopozo ya kafukufuku ailemba nthawi yanji? Ukailemba, pafunika chilolezo cha komiti ya ethics (yoteteza anthu pa kafukufuku) ndi cha National Health Research Authority (bungwe la boma loyang'anira kafukufuku wa zaumoyo), ndalama zotuluka m'thumba lako lomwe, bando ya intaneti osanena. Wokuwongolera pa masamu a data ali ku yunivesite ya UNZA ku Lusaka, makilomita opitirira 500 pa Great East Road.

Ine sindikupempha zambiri ayi. Masana amodzi pasabata opanda windo, ndi mkulu mmodzi woyankha foni. Kopelo ndalipukuta, lili m'chikwama.